Mpando wa Yotamu

Sunthirani kuno, nkhaniyi si yofuula. Inachitika padoko lathu lomweli, ndipo mwini nkhani mukhoza kumuona mawa lomwe. Mukamuona musamuloze chala.

Panali bambo wina dzina lake Gelesomu, msodzi wa bwato. Anali ndi mng'ono wake, Yotamu. Bambo awo atamwalira, Gelesomu ndi amene analera Yotamu. Ndi amene anamugwiritsa nkhafi koyamba, kumuphunzitsa kuyang'ana mitambo ndi kumanga chingwe choti chisamasuke m'madzi. Padoko ponse Yotamu ankangodziwika kuti kamng'ono ka Gelesomu.

Ndiye Yotamu anapita kukadula nzimbe ku esiteti zaka zingapo. Atabwerako anakhometsa boti la matabwa, n'kugula ndi injini yomwe. Silinali lalikulu ayi. Linali lalifupi ndithu, koma lozama, mphuno yake yotukuka ngati chifuwa cha tambala. Linkapita kumadzi akuda, kuja ukacheuka mapiri akumtunda amangooneka ngati utsi, n'kubwerako ndi ncheni ndi kampango zoti amayi ogula nsomba ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno kulichingamira. Gelesomu ankakocheza bwato wake chapambali, ndi timbaba take m'beseni, popanda womuthamangira.

Zimenezo akanapirira. Chimene chinamulasa ndi tsiku lina mlendo atafunsa kuti bambo akusoka ukondewo ndi ndani, mayi wina n'kuyankha kuti, "Amenewo? Ndi achimwene ake a Yotamu."

Kunyumba anapeza mkazi wake Esinati akutumbula kampango wonona.

"Alamu atumiza," anatero Esinati. "Koma anthu ena ali ndi mtima wabwino inu."

"Anthu ena," anatero Gelesomu. Tsiku limenelo anagona ndi njala, akuti m'mimba.

Posakhalitsa anagulitsa bwato, mbuzi, ndi dimba la mpunga limene anasiya bambo awo. Anagula matabwa a mlombwa ndi injini yakale. Tsiku lina mbandakucha, doko lili zii, anatenga chingwe n'kukayeza boti la Yotamu kuyambira kumphuno mpaka kumatako, namanga mfundo pamene linathera. Kenako anawonjezerapo mikono yake yomwe, kutambasula manja mpaka mapewa kuwawa.

Mmisiri wa maboti anali a Swaleyi, okhala kuseri kwa bango, munthu wolankhula misomali ili kukamwa. Gelesomu anayala chingwe chija pansi.

"Ndikufuna boti lofika apa."

A Swaleyi anayang'ana kumapeto kwa chingwe, kenako mfundo ija. Anaiponda ndi chala chakuphazi.

"Lofika pamfundopa ndikulidziwa. Ndinakhoma ndine."

"Ine ndati apa."

"Mukupita nalo kuti?"

"Kumadzi akuda."

"Injini yake?"

"Ija inali ya malemu a Chikaiko."

"Yachifuwa ija?" A Swaleyi analavulira misomali m'dzanja, n'kuyamba kutembenuza matabwa limodzi limodzi. "Tamverani, a Gelesomu. Matabwa anuwa akwana boti lalifupi lozama, kapena lalitali losazama. Zonse ziwiri ayi. Lalitali losazama ndi la mumtsinje, lonyamula mpunga ndi amayi opita kuchigayo. Kumadzi akuda mwera ukadzuka, funde lizingolowa ngati nkhuku m'khitchini yopanda chitseko. Ndipo kainjini kanuko sikangalitembenuze msanga."

"Pamchenga anthu amaona kutalika."

"Eya. Kuzama imaona ndi nyanja."

Koma mwini matabwa ndi mwini matabwa. A Swaleyi analikhoma lalitali.

Tsono amisiri akwathu ali ndi mwambo. Pokhoma mipando ya m'boti, matabwa opingasa aja okhalapo asodzi, sakhoma mpando wopanda dzina. Mwini boti amatchula munthu amene adzakhalepo, mmisiri n'kubwereza dzinalo, kenako nyundo. Akuti nyanja imafuna kudziwa amene akubwera.

Tsikulo Gelesomu anabwera ndi Lemani, mnzake wanthabwala amene anavomera kukwera naye. Anatchula dzina lake lomwe pampando wa kuinjini. Anatchula Lemani. Anatchula anyamata atatu amene anawapeza. Go! Go! Go! Mipando inakhomedwa. Koma boti linali lalitali, ndiye pakatikati panatsala malo a mpando wina.

"Dzina," anatero a Swaleyi.

"Usiyeni umenewo."

"Ndikausiya, boti lanuli lidzakanganuka pakati ngati nsungwi. Mipando ndi imene imagwira nthiti. Dzina."

Akanatha kutchula aliyense. Panali mphwake wina wongokhala kumudzi, panali anyamata ambirimbiri osowa ganyu. Koma nthawi yomweyo kunyanja kunamveka injini ya Yotamu ikubwerera, yosalala ngati njuchi, ndipo kuseri kwa bango amayi anayamba kuthamanga ndi mabeseni, wina akululutira.

"Yotamu," anatero Gelesomu.

Lemani anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bwana Yotamu? Ndiye ine ndizimutuma fodya!"

"Lero ndi bwana," anatero Gelesomu, osaseka. "Adzabwera ameneyo. Adzakhala pamenepo, azidzandikapira madzi."

"Mwamufunsa mwini dzina?" anatero a Swaleyi.

"Khomani."

Ena amati a Swaleyi akanakana. Kaya. Chimene Lemani ananena n'chakuti dzinalo sanalitchule mokweza ngati ena aja. Anangolinong'oneza thabwa, kenako go! go! go!

Boti linalowa m'madzi, ndipo anthu anabweradi kudzaliona. Ana ankalithamanga kuyambira uku mpaka uko. Yotamu naye anabwera, n'kulizungulira, n'kuligogoda m'mbali.

"Lokongola, achimwene. Koma m'mbalimu mwafupika. Mwera ukayamba musamapite nalo kutali."

"Wayamba liti kundiphunzitsa nyanja iwe?"

"Ayi, ndimangonena."

"Ndinakugwiritsa nkhafi uli ndi mamina."

Yotamu anaseka, n'kuchoka. Gelesomu anaona kuti ngakhale pochokapo anthu ena anamutsatira, kusiya boti latsopano lili pomwepo.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse pobwera kudzakankha boti, mipando yonse inkakhala youma, koma wapakati uja uli nyowee, madzi akuchita kudontha, tho, tho, tho. Kusukulu amati thabwa limanyowa ndi mame. Mwina. Koma mame osankha thabwa limodzi?

Lemani anayesa kukhalapo tsiku lina. Sanachedwepo. Anadzuka n'kubwerera pampando wake, akusisita matako.

"Bwanji?" anafunsa Gelesomu.

"Pakuzizira. Ngati wakhala pamiyendo ya munthu wochokera kosamba." Anayesa kuseka, koma anyamata aja sanamuthandize.

Kenako Yotamu anayamba kusowa zinthu. Choyamba chinali chipewa chake chofiira. Anachifuna m'nyumba monse, m'boti lake, mpaka kukalipira ana. Chinapezeka pansi pa mpando uja, chonyowa. Gelesomu anachiponya m'bango msangamsanga. Patapita masiku, mpeni wa Yotamu wotumbulira nsomba unali pomwepo. Kenako nkhafi yake, imene anailemba dzina ndi msomali wamoto, itagonekedwa bwinobwino pampandopo ngati mwini wake wangopita kuseri.

Nkhafiyo anyamata anaiona. Kuyambira tsikulo podutsa pakati pa boti ankadumpha mpandowo, osaukhudza.

Tsiku lina masana dzuwa lili paliwombo, mayi wina wogula nsomba wochokera ku Kasungu anamuimitsa Gelesomu panjira ya kumsika.

"Zikomo bambo. Mwagwirizana tsopano ndi ang'ono anu?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndawaona m'mawa atakhala m'boti lanu pamchenga. Ndinawapatsa moni osayankha. Anangoti ndwii kuyang'ana kunyanja, malaya ali chonyowa."

Yotamu tsikulo anali atapita ku boma dzulo lake kukagula mapulagi a injini. Anabwera madzulo pa matola, aliyense akuona.

Esinati naye anabwera ndi zake. "Bambo a Feliya, mwamva za alamu? Akazi awo akuti masiku ano akudzuka tsitsi lili lonyowa, pamphasa pali mchenga. Akuti akumalota akuitanidwa, koma woitanayo sakumuona. Inu simukudziwapo kanthu?"

"Ndidziwe chiyani ine? Ndine sing'anga?"

Koma m'mawa mwake anapita kuseri kwa bango. Anapeza a Swaleyi akutseka ming'alu ya boti lina ndi thonje ndi phula. A Swaleyi sanadikire n'komwe kuti afotokoze.

"Wayamba kunyowa eti?"

Gelesomu anangovomera ndi mutu.

"Mpando woitanidwa dzina sukhala wopanda mwini. Akapanda kubwera ndi miyendo yake, nyanja imamubweretsa."

"Ndiuzule?"

"Mukazula thabwa, dzina litsala m'mabowo a misomali. Koma si nkhani yovuta iyi. Mukamuuze mwini wake zimene munanena, zonse, osachotsera. Abwere yekha, boti lili pamchenga, akhalepo, anene kuti pano si panga, atsike. Basi. Dzina lamasuka."

"Ndimuuze kuti ndinati adzakhala wantchito wanga?"

"Si munanena ndinu?"

Gelesomu anapitadi. Zimenezi tisamunamizire, anapita, ndipo njira yonse ankayeseza mawu. Yotamu anali mwana wa mayi ake yemwe uja, amene ankamubereka kumsana podutsa matope a kudambo. Koma atafika anapeza pakhomo pa Yotamu pali anthu, akukweza malata atsopano padenga, wailesi ikulira, amayi akuphika tiyi wamkaka m'poto wamkulu. Yotamu anatsika pamakwerero akumwetulira.

"Achimwene! Mwabwera bwino. Tiyi uyo. Iwe, apatse mpando achimwene."

"Ndili ndi mawu," anatero Gelesomu chapansipansi.

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Injini ija eti? Ndimaimva ikutsokomola kuchokera kuno." Anthu anaseka. Yotamu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mapulagi awiri, n'kumufumbatitsa m'manja pamaso pa onse. "Tengani. Mukavutika muzinena, achimwene, musamachite manyazi. Nanga ine ndili pano chifukwa cha ndani?"

Amayi aja anati, "Eee, koma mwana uyu!" Wina mpaka anaomba m'manja.

Yotamu ankanena ndi mtima woyera. N'chimene chinapweteka kwambiri. Gelesomu anaima pamenepo, mapulagi ali m'manja, malata akumuthobwa m'maso. Mawu aja anafika pakhosi n'kubwerera.

"Mawu ake ndi omwewo?" anafunsa Yotamu.

"Ndi omwewo."

Pobwerera anadziuza kuti amuuza mawa. Mawa lake anati mkuja.

Inali nyengo ya mwera. M'mawa wina kunacha bata, nyanja ili phee ngati mafuta, koma kummwera kunali kamzere kakuda pamene madzi amakumana ndi thambo. Maboti ambiri sanatuluke. Yotamu anatuluka, poti maukonde ake a matchera anali atagona kumadzi akuda ndipo boti lake linkaudziwa mwera. Gelesomu ataona mphuno ija ikulowera pakati, anayamba kukankha lake.

"Akulu, kamzereko mwakaona?" anatero Lemani.

"Wapita mwana. Ine nditsale ndi amayi?"

Anafika kumatchera awo dzuwa litakwera. Nsomba zinalipo, zambiri kuposa masiku onse, ncheni zokhazokha zonyezimira. Gelesomu ankakoka akucheukira kumene kunali boti la Yotamu, chapatali pang'ono, kuti aone ngati akuona. Boti linadzaza, m'mbali mwake n'kutsala pang'ono kupsompsona madzi.

Ndiye kunamveka kuwomba, kutali, ngati galimoto lalikulu likubwera pamsewu wafumbi. Mbalame zonse zinachoka pamadzi nthawi imodzi.

Funde loyamba linangolowa. Silinamenye n'komwe, linangodutsa pamwamba pa thabwa n'kukhala m'boti. Gelesomu anayesa kulozetsa mphuno kumphepo, koma boti lalitali lija linkatembenuka ngati ng'ombe yotopa. Lachiwiri linawapeza chammbali. Injini inatsokomola kawiri n'kuti zii.

"Tayani nsomba!" anakuwa Lemani.

"Musataye!"

Anyamata sanamumvere, anayamba kutaya ndi manja. Chokapira madzi chawo, chigubu chodula pakamwa chija, chinali chitayandama kupita kaya kuti. Madzi anafika m'maondo.

Kenako anamva njuchi ija. Boti la Yotamu linkabwera likukwera funde n'kutsika, kukwera n'kutsika, mphuno ili m'mwamba, louma ngati lili pamchenga. Ngakhale pamenepo, imfa ili m'maondo, Gelesomu anaona kukongola kwake, ndipo kunamuwawa.

Yotamu anasiyira mnzake injini n'kuima kumphuno ndi chingwe.

"Achimwene! Gwirani! Tikukokani!"

Chingwe chinagwera pamiyendo pa Gelesomu penipeni. Anachiyang'ana. M'maso mwake munabwera doko lonse litaima pamchenga, amayi ndi mabeseni awo, ana, mlendo uja, onse akuona boti lalitali likubwera chokokedwa kumatako kwa lalifupi ngati mbuzi yopita kumsika.

"Injini ilira pompano!" anakuwa. "Sindikokedwa ndi mwana ine!"

Anachikankha ndi phazi. Lemani anadumpha kuti achigwire, koma chinali chitatsetserekera kale m'madzi.

"Achimwene, mufa!"

"Pita!"

Yotamu anakoka chingwe chija, n'kuchikulunga padzanja. Anauza mnzake kuti asendeze boti pafupi. Anadikira funde kuti liwakweze, n'kudumpha kuti adzamange yekha.

Funde lomwelo linakankhira boti lalitali kumbali. Pamene panali thabwa panakhala madzi.

Sanakuwe. Anangolowa, thibu, ngati mwala.

Anamuitana. A m'boti lake anaitana, a m'boti la Gelesomu anaitana. Gelesomu anagona chamimba m'mbali mwa boti, mikono yonse m'madzi, akufufuza ngati munthu wotaya ndalama m'matope, akuitana dzina limene ankamutchula ali khanda, loti ena onse anali asanalimvepo. Kunalibe mutu, kunalibe dzanja. Chingwe chokha chinkaoneka chikuchoka kumatako kwa boti la Yotamu n'kulowa pansi.

Kenako chingwecho chinayamba kuyenda. Anthu onse anachiona. Chinkadula madzi pang'onopang'ono, chosasamala mafunde, kulunjika pakati pa boti la Gelesomu. Chitafika, boti linapendekera mbali imeneyo, monga limachitira munthu akagwira m'mphepete kuti akwere. Linakhala chopendekera kanthawi. Kenako linabwerera, koma linali litamira pang'ono kuposa poyamba.

"Musayang'ane pakati," anatero Lemani. Mawu ake anali ang'onoang'ono ngati a mwana. "Anyamata, yang'anani kutsogolo. Musayang'ane."

Iwo anali kutsogolo, zinali zotheka. Gelesomu mpando wake unali kumbuyo, woyang'ana pakati. Anagwetsa nkhope, n'kumangoyang'ana madzi a m'miyendo mwake. Anamva chingwe chikukwekwesa thabwa, chikuzungulira, chikumangika. Kenako chinakungika, boti n'kugwedezeka, n'kuyamba kuyenda. A m'boti la Yotamu amalumbira mpaka lero kuti iwo anangomva kulemera kumbuyo, ndipo wa painjini anangotsegula mafuta osadziwa chimene akuchita.

Tho. Tho. Tho.

Panali wina amene ankapuma pampando uja. Kupuma kwa madzimadzi, kovutikira.

"Achimwene."

Gelesomu sanadzutse mutu.

"Achimwene, ndafika. Chokapira chili kuti?"

Chokapira chinali chitapita kalekale. Koma patangopita kanthawi anamva khwaa, pansi pa boti, kenako madzi akugwera kunja. Khwaa. Khwaa. Mosafulumira, mosapumira, monga mmene Gelesomu anamuphunzitsira kale m'bwato wa bambo awo. Madzi anachoka m'maondo kufika m'akakolo. Mafunde ankalowabe, koma wokapayo ankawaposa.

Anafika padoko anthu onse ataima pamchenga. Palibe anaseka. Pampando wapakati panalibe munthu, chingwe chokha chomangidwa bwinobwino, choti amuna atatu analephera kumasula mpaka anachita chodula.

Thupi silinapezeke. Anafuna masiku ambiri, mpaka kumathanthwe a kumpoto, kenako anaika maliro a thunthu la nthochi m'malo mwa thupi.

Gelesomu anaulula zonse pamaliropo, pamaso pa mlamu wake ndi anthu onse, popanda womufunsa. Anapitanso kwa a Swaleyi, n'kugwada pa utuchi.

"Anene kuti pano si panga, atsike. Si munatero? Ndimuuza anene."

A Swaleyi anatulutsa misomali kukamwa. "Zija zinali za munthu wobwera ndi miyendo yake."

Botilo silinalowenso m'madzi. Analikokera kumapeto kwa doko, kufupi ndi bango, ndipo palibe amene analigula, ngakhale kufuna thabwa lake la nkhuni. Nthawi ya dzinja maboti onse a pamchenga amadzaza madzi a mvula, achule mpaka kuikiramo mazira. Limenelo ayi. Mvula igwe usiku wonse, m'mawa mupeza pansi pake pali gwa, pouma, mchenga wa pambali pake uli wokumbika ngati pamene pamagwera madzi otayidwa.

Ndiye mukadzalawira kudoko mvula itagwa, mudzaona bambo waimvi ataima pambali pa boti lalitali, dzanja lili pathabwa, nkhope atayang'ana kumbali. Musadzayandikire. Mukadzaima chapatali n'kukhala chete mudzamva akulankhula, mofatsa, ngati munthu wonyengerera mwana.

"Weruka, Yotamu. Basi, zakwana. Weruka, mng'ono wanga."

Amadikira pang'ono, akumvetsera.

Khwaa.